Malipoti a ophunzira anga amangofanana ndi buku: nditani?

Mphunzitsi wina wa sayansi wanditumizira imelo, ndipo mwachidule akuti: "Ndikawapatsa ntchito ya mu labotale, malipoti amabwera ofanana ngati walemba ndi munthu mmodzi. Manambala amagwirizana ndendende ndi a m'buku, ndipo kumapeto aliyense amalemba kuti zonse zayenda bwino. Ndikukayika ngati ena anayesa n'komwe. Ndiwaphunzitse bwanji kulemba lipoti lenileni?"

Aphunzitsi, musandikwiyire, koma yambani mwayang'ana kachongedwe kanu. Ana si opusa. Akaona kuti malikisi amapita kwa amene wapeza nambala ya m'buku, adzakubweretserani nambala ya m'bukuyo, ayese asayese. Ndiye chotsani malikisi pa yankho, muwaike pa zinthu zina: kodi walemba zimene anaonadi, wabwereza kuyesa, ndipo wafotokoza chifukwa chimene manambala ake akusiyanira? Muwauze zimenezi ntchito isanayambe, osati pobweza mapepala.

Kenako apatseni funso limene sakudziwa yankho lake. Ine ndimakonda pendulamu, chifukwa sifuna zambiri: ulusi, kachitsulo komangirira kunsonga, rula ndi wotchi. Afunseni kuti, kodi kachitsulo kolemera kamapita ndi kubwerera msanga kuposa kopepuka? Aliyense alembe maganizo ake asanagwire kanthu. Ambiri adzati cholemeracho chifulumira. Akayesa adzapeza kuti kulemera sikusintha nthawiyo kwenikweni, koma kutalika kwa ulusi ndi kumene kukuisintha: ulusi wa mita imodzi umatenga pafupifupi masekondi 2 kupita ndi kubwerera, pamene wa masentimita 25 umatenga pafupifupi sekondi imodzi. Mwana amene zimene ankaganiza zamukanira m'manja mwake amakhala ndi nkhani yoti alembe.

Pomwepo mungawaphunzitse zambiri osakamba nthawi yaitali. Wina akasintha kachitsulo n'kusinthanso ulusi nthawi imodzi, mufunseni kuti adziwa bwanji chimene chabweretsa kusinthako. Wina akayeza ulendo umodzi wokha, muonetseni kuti chala chimachedwa kudina wotchi ndi masekondi pafupifupi 0.2. Pa masekondi 2, kumeneko n'kuphonya gawo limodzi pa magawo 10. Akawerenga maulendo 10 n'kugawa, kuphonyako kumatsika kufika pa gawo limodzi pa magawo 100. Yang'ananinso pamene akuika rula. Ambiri amalekezera pa mfundo ya ulusi, pamene kutalika kuyenera kufika pakati pa kachitsuloko.

Chimene ndimaumirira kwambiri ndi kope. Manambala alembedwe ndi bolopeni nthawi yomweyo, mu tebulo limene lajambulidwa kale, lokhala ndi mayunitsi pamwamba. Kufufuta ayi. Cholakwika achidule ndi mzere umodzi kuti chiziwerengekabe. Musanawatulutse, dutsani n'kusaina pansi pa tebulo lililonse. Zimatenga mphindi zochepa, koma zophika manambala kunyumba zimathera pomwepo.

Tsono tiyerekeze kuti gulu lina, poyeza maulendo 10 kanayi, lapeza masekondi 19.8, 20.3, 20.1 ndi 23.5. Mwana aliyense amafuna kubisa 23.5 ameneyo. Auzeni kuti amusiye, ndipo alembe zimene akuganiza kuti zinachitika. Mwina anawerenga maulendo 12 m'malo mwa 10, mwina ulusi unakhudza tebulo. Ngati akumuchotsa powerengera avereji, anene poyera ndi chifukwa chake. Apa ndimawauza za Lord Rayleigh, wasayansi wa ku Britain. Iye anapeza kuti nayitrojeni wotengedwa mu mpweya ankalemera pang'ono kuposa wopangidwa ndi makemikolo. Kusiyanako kunali kochepa zedi, koti wina akanangoti sikelo yalakwitsa. Iye sanabise: mu 1892 analemba kalata ku magazini ya Nature kufunsa ngati alipo angafotokoze. Mu 1894, iye ndi William Ramsay analengeza kuti apeza argon, mpweya umene ndi pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 a mpweya timapumawu, ndipo onse awiri analandira mphoto ya Nobel mu 1904.

Za zigawo za lipoti sinditaya nthawi, zili m'buku lililonse: cholinga, zipangizo, njira, zotsatira, kukambirana. Vuto n'lakuti timawalamula kulemba zonse tsiku limodzi, ndiye amalemba pang'ono paliponse. Agwire chigawo chimodzi pa nthawi. Tsiku la njira, gulu lililonse lipereke pepala lake kwa gulu lina kuti litsatire mawu okhawo, osafunsa. Mudzamva phokoso: "Simunanene kuti tikokere ulusi mpaka pati!" "Ulendo umodzi ndi kupita kokha, kapena kupita ndi kubwerera?" Anzawo akawadandaula chonchi, amakonza msanga kuposa mukawalembera ndi inki yofiira.

Pa kukambirana, letsani ziganizo ziwiri. Choyamba ndi chija munatchulachi, choti zonse zayenda bwino. Chachiwiri ndi choti kusiyana kwabwera chifukwa munthu amalakwitsa. Walakwitsa chiyani, ndipo zinakweza nambala kapena kuitsitsa? M'malo mwake ayankhe mafunso atatu: ukuti wapeza chiyani, ndi manambala ati mu tebulo lako akusonyeza zimenezo, nanga ukukhulupirira mpaka pati? Ndime imodzi yoyankha bwino mafunso amenewa imaposa masamba atatu okopera.

Ndikudziwa kuti mukuganiza za mulu wa mapepala. Simukuyenera kuchonga chilichonse pa lipoti lililonse. Sabata ino chongani matebulo ndi magalafu okha, ulendo wotsatira njira yokha. Lembani ndemanga imodzi kapena ziwiri, mubweze pepala popanda malikisi, mwana akonze, malikisiwo mupereke pa lipoti lachiwirilo. Ndipo ngati magulu onse agwiritsa ntchito ulusi wotalika mosiyana, kukoperana kumavuta kale, komanso pamapeto mungaphatikize manambala a kalasi yonse pa galafu imodzi pa bolodi.