Mayi, kumundako usiku musapite nokha

Mayi inu amene mukufuna kuyamba kugona kumunda chifukwa cha njovu, chonde ndimvereni kaye. Ine ndinagonako, ndipo mpaka lero ndikangomva fungo la ndowe zake thupi limachita tsemwe. Kwathu ndi m'mphepete mwa paki ya Kasungu, ndipo chibwerere njovu 263 zimene anazisamutsa kuchokera ku paki ya Liwonde mu 2022 tulo tinachepa.

Chaka chimenecho ndinalima maekala awiri a chimanga, feteleza wake wa ngongole ya ku banki m'khonde, pansi pake ndinadzala maungu. Munda wanga unagundana ndi wa mlamu wanga. Tinapangana bwinobwino kuti tizilondera limodzi, wina akamva kanthu akuwe, tonse tiyatse moto mbali ya kumudzi kuti nyama zibwerere kutchire. Tsiku limenelo mwezi unali kumdima. Ndinali m'dindiro ndi mwana wanga wa zaka 12, moto utazima, nkhuni zitanyowa. Pakati pa usiku ndinadzidzimuka ndi phokoso la zitini kumunda kwa mlamu uja. Ndisanadzuke n'komwe ndinamva mapesi akuthyoka, thyo thyo, pafupi penipeni. Njovu ikamayenda simveka mapazi, anzanga. Chinyama chachikulu chonchija chimafika ngati mphaka. Chimene ndinamva ndi kulira kwa m'mimba kuja, gudugudu wapansipansi amene amanjenjemeretsa nthiti. Ndinasuzumira pa mpata wa udzu n'kuona kuti nyenyezi za mbali imodzi zasowa, ngati wina waimika khoma. Inali njovu yaikazi, kamwana kali kumiyendo kwake. Tochi ndinali nayo m'manja koma chala chinakana. Chitamba chinayamba kufwenkha denga la dindiro, udzu ukutigwera kumaso, mpweya wake wotentha ukundiwomba pakhosi. Mwana wanga anadzikodzera. Ndinamutseka pakamwa ndi dzanja mwamphamvu moti m'mawa anali ndi zipsera za zikhadabo zanga patsaya. Ndinapemphera osatulutsa mawu. Inazula nsichi imodzi, kenaka n'kutembenukira ku maungu. Tinagona chafufumimba pamenepo, tikumva zikudya chakudya chathu cha chaka chonse, mpaka nthanda itatuluka ndi pamene zinachoka.

Kutacha ndinaima pakati pa munda n'kulira ngati pamaliro. Njovu imodzi yaikulu imadya makilogalamu ngati 150 patsiku, ndipo zimene imaponda n'zambiri kuposa zimene imadya. Ndinakolola matumba atatu okha.

Tsono chimene chimandiwawa si njovu ayi, njovu ndi nyama. Ndi mlamu wanga uja. Zitalowa m'munda mwake sanakuwe monga tinapanganira. Anazungulira n'kukaima mbali ya kutchire, n'kumaomba zitini kuti zikhotere kwa ine, akudziwa kuti m'dindiro muli mwana wa mlongo wa mkazi wake! Kwa amfumu anakana kwamtuwagalu, ati mdima unamusokoneza. Mdima umenewo bwanji sunamusokoneze njira yothawira kunyumba? Iye anadzaza nkhokwe, ine chaka chonse pa ganyu, ngongole ikundidikira. Pepani sananenepo. Timakumana kutchalitchi, amandipatsa moni ngati palibe chinachitika, ine ndimangoyankha chifukwa cha ana. Ndipo musayembekezere chipepeso, lamulo lathu la nyama zakutchire silipereka malipiro a mbewu zoonongeka.

Ndiye mayi, kumunda usiku musapiteko. Chimanga sichingafanane ndi moyo wanu, makamaka ngati gulu la njovulo lili ndi ana, chifukwa yaikazi sichita kuopseza kawiri. Komabe mukasiya munda wopanda munthu simupeza ngakhale chitsononkho, ndiye ngati mukupita pitani anthu asanu kapena kuposa, ndipo ana asiyeni kunyumba. Dindiro likhale kumapeto kwa munda mbali ya kumudzi, osati pakati ngati langa lija. Moto usazime. Njovu siona patali koma mphuno yake ndi yoopsa, choncho onani kumene mphepo ikupita, isatenge fungo lanu n'kupita nalo kwa izo. Musaime pakati pa izo ndi njira yobwerera kutchire, ndipo agalu musatenge, galu akathamangitsidwa amathawira kwa mwini wake.

Ine pano ndimasinja tsabola wa kambuzi, kusakaniza ndi oyilo wakutha wa galimoto, n'kupaka pa zingwe ndi nsanza kuzungulira munda. Mvula ikagwa muyenera kupakanso. Tsabola wina ndimaumba ndi ndowe zouma n'kumafukiza usiku, utsi wake zimadana nawo. Ena akupachika ming'oma ya njuchi m'malire. Maungu ndinasiya kudzala kumunda uko, amaziitana. Chimanga chikangouma pang'ono kololani, chikaumire pakhomo. Auzeni alonda a paki tsiku lomwe mwaona mapazi, ndipo wina asakunamizeni za msampha kapena poizoni, chisinthireni lamulo mu 2017 mlandu wa njovu umatha kufika zaka 30 kundende.

Ndipo amene mukupangana naye zolondera, mupanganirane pamaso pa amfumu, ngakhale akhale m'bale wanu wa bere limodzi. Mwana wanga uja pano ali ku sekondale, koma mpaka lero sagona nyali itazima.