Za chithunzi cha mlatho wokokoloka chija

Achimwene, mwafunsa kuti chithunzi chomwe chikuzungulira pa WhatsApp, chija akuti mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa wakokoloka, mungachitsimikize bwanji musanakwere basi ya ku Nchalo. Ine ndimayamba ndi funso limodzi: anajambula ndani, liti? Zithunzi zambiri zotipusitsa n'zenizeni ndithu, kungoti ndi za kwina kapena za kale.

Dinani chithunzicho, muchitumize ku Google Lens, pulogalamu yofufuzira zithunzi pa intaneti. Ikuonetsani malo ena amene chinatulukapo, ndipo inu muziyang'ana deti lakale kwambiri. Nthawi ya namondwe Freddy, mu Malichi 2023, azakhali anga anatitumizira chithunzi cha nyumba zomira akuti ndi ku Nsanje, mpaka tinayamba kulira pagulu la banja. Nditachifufuza ndinapeza kuti chinali cha ku Beira, ku Mozambique, nthawi ya namondwe Idai mu 2019. Nditachikulitsa bwino, pakhoma la sitolo ina panali mawu a Chipwitikizi. Tonse tinali tisanawaone, maso anali pa madzi basi.

Ndiye kulitsani chithunzicho. Onani zikwangwani, manambala a galimoto, yunifolomu ya apolisi, ngakhale mapiri akumbuyo. Koma za mbali yomwe galimoto zikuyenda musadalire kwambiri, chifukwa ku Mozambique ndi ku Zambia amayendanso kumanzere ngati ife.

Timivi tiwiri tija tolembedwa kuti "Forwarded many times" sitikutanthauza kuti nkhaniyo ndi yoona. Tikungonena kuti yadutsa m'manja ambiri, ndipo mwini wake sakudziwikanso.

Kenako pitani kwa eni nkhani. Mlatho wa pa msewu wa M1 ukaduka, a Roads Authority kapena a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, sangakhale chete, ndipo Zodiak, MBC kapena Times sizingagone nayo nkhani yotero. Samalani ndi masamba a Facebook obera mayina a mabungwe. Onani kuti tsambalo linatsegulidwa liti. Ngati mawebusaiti asanu alemba mawu ofanana ndendende, mpaka zolakwika zomwe, ameneyo ndi mboni imodzi yokopedwa kasanu.

Njira yachangu kuposa zonsezi ndi foni. Imbirani wachibale wa ku Dyeratu, kufupi ndi mlathowo, kapena funsani madalaivala a minibasi amene angofika kumene kuchokera kumeneko. Mukawafunsa musati "ndamva kuti", afunseni kuti awoloka pamlathopo nthawi yanji lero.