Tafunsani Azakhali: Ndatopa ndi Harare, ndigulitse nyumba ndikakhale kumudzi?

FUNSO

Azakhali, ine ndi bambo wa zaka 59, ndinabadwira ku Mufakose ndipo ndakulira konkuno. Bambo anga anachokera ku Dedza kwa Kaphuka m'ma 1950, anagwira ntchito ku njanji mpaka kupuma, anamwalira osabwererako ndipo tinawaika konkuno. Mayi anabadwira pa famu ku Mazowe, makolo awo anali a ku Zomba koma mudzi wake palibe akuudziwa. Ine tauni yanditopetsa. Madzi pampopi amabwera akafuna okha, magetsi amayaka ife titagona, suweji pamsewu, mabawa kulira usiku onse, anyamata athu atha ndi mankhwala ozunguza bongo a mutoriro. Ndikungofuna malo a phee, ndizilima chimanga changa, tinkhuku pakhomo, ndizigona tulo. Maganizo ndili nawo awiri, kugulitsa nyumba yomwe bambo anatisiyira nkupita ku Dedza poti kwanu nkwanu mthengo mudalaka njoka, kapena kugula malo kwa sabhuku (nyakwawa) wina cha ku Goromonzi yemwe akuti andidulira ndikampatsa madola. Akazi anga akukana zonse ziwiri, alongo anga awiri sindinawauze. Ndithandizeni.

Bambo wa ku Mufakose

YANKHO

Achimwene, kutopa kwanuko ndikukumva ndipo musalole munthu akuuzeni kuti ndi ukalamba chabe. Aliyense amene anaimapo pa mzere wa pachibhorani mbandakucha ndi zigubu, kwinaku anyamata akulipiritsa malo pamzere, akudziwa zomwe mukunena. Koma nyumbayo musagulitse. Ndayamba ndi pamenepa dala kuti olo mutatopa kuwerenga musanafike kumapeto mawu amenewa mukhale mwawamva.

Ife ana a anthu obwera tili ndi vuto lomwe anzathu Achishona alibe. Iwo zikavuta m'tauni amakwera basi pa Mbare Musika, madzulo ali kumusha, kumudzi kwawo, munda ulipo, manda a makolo alipo. Ife ayi. Makolo athu anabwera ndi Mthandizi, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito, ena wapansi kudzera ku Tete, nkulowa m'migodi, m'mafamu a fodya, ku njanji ndi m'makhitchini a azungu, ambiri nkuchona. Mukukumbuka Murambatsvina mu 2005, pomwe boma linagwetsa nyumba ndi misika m'matauni, anthu pafupifupi 700,000 malinga ndi lipoti la United Nations anataya pokhala kapena popezera ndalama, ndipo ankauzidwa kuti aliyense abwerere kumudzi kwawo. Anthu athu anabwerera kuti? Ambiri anakathera ku Caledonia ndi ku Hopley m'zisakasa za mapulasitiki. Ndiye kanyumba ka ku Mufakose kameneko, olo suweji idutse pakhomo, ndi chinthu chokhacho chomwe bambo anu anapindula pa moyo wawo wonse wa ku njanji, komanso si yanu nokha, alongo anu awiriwo ali ndi gawo lawo ndipo mukagulitsa mwakabisira nkhani ikathera kukhoti, ubale nkuthera pomwepo. Akhazikeni pansi sabata ino.

Tiyambe ndi za sabhuku poti ndi zomwe zili pafupi ndipo ndi zomwe zikundiopsa kwambiri. Malo a kumidzi muno mu Zimbabwe sagulitsidwa. Lamulo la Communal Land Act la 1982 limati malo amenewo ali m'manja mwa Pulezidenti, ndipo wopereka chilolezo chokhalapo ndi khonsolo ya kumudziko mogwirizana ndi mfumu, sabhuku payekha alibe mphamvu yogulitsa olo kadimba. Chomwe mumagula mukampatsa madola ndi kapepala kolemba pamanja basi, nthawi zina ndi kasitampa, ndipo malo omwewo mawa atha kudulira munthu wina, kapena mupeza kuti anakupatsani podyetsera ng'ombe za mudzi wonse kapena m'dambo. Kumayambiriro kwa 2024 apolisi anagwira anthu ambirimbiri pa nkhani yomweyi, makamaka ku Masvingo, ena nkuuzidwa kuti asamuke atamanga kale nyumba za njerwa ndi malata. Madera oyandikira Harare ngati Goromonzi, Seke ndi Domboshava ndi omwe malonda amenewa achuluka. Ngati mtima wanu uli kumeneko pitani kaye ku ofesi ya khonsolo mukafunse ngati malowo ndi ololedwa kukhalapo anthu ndiponso kuti dzina lanu lingalowe bwanji m'kaundula, musanatulutse olo dola imodzi. Ndipo onani chitupa chanu, ngati chikadalembedwa kuti alien kasintheni, malamulo a dziko a 2013 amati munthu wobadwira muno yemwe kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iyeyo ankakhala muno malamulowo akutuluka, ndi nzika yobadwa.

Tsono za ku Dedza. Apa ndilankhula mosabisa chifukwa ndikuona kuti mtima wanu uli kumeneko kwambiri. Kwa Achewa mwana ndi wa kwa mayi ake. Munda umayenda kuchikazi, mbumba ndi ya alongo, ndiye munda womwe bambo anu akanalima lero uli m'manja mwa ana ndi zidzukulu za alongo awo, inuyo kumeneko ndinu mwana wa amalume, akulandirani bwino ndithu, nkhuku iphedwa, azimayi alulutira kuti mwana wa uje wabwera kuchokera ku Halale, ena alira kumene pokumbukira bambo anu, koma pa tsiku lomwe mudzatchule za munda nkhope zidzasintha, osati chifukwa ndi anthu oipa ayi koma malowo kulibe. Bambo anu akuchoka Nyasaland yonse inali ndi anthu osafika 4 miliyoni, kalembera wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, boma la Dedza lokha anthu oposa 800,000. Mabanja ambiri akulima kamunda kosakwana hekitala. Akakupatsani kachigawo kadzakhala kokubwerekani mwachifundo, ndipo amene wakupatsaniyo akadzamwalira ana ake atha kukafuna.

Palinso za mapepala. Malawi inasintha lamulo kumapeto kwa 2018 kulola unzika wa maiko awiri, zomwe ndi nkhani yabwino kwa ife, koma unzikawo subwera wokha, muyenera kuonetsa kuti bambo anu anali Mmalawi, ndiye chilichonse chomwe anasiya, chitupa chakale, makalata a kumudzi, khadi ya kumpingo, sungani bwino ndipo muyambire ku ofesi ya kazembe wa Malawi konkuno ku Harare. Popanda chiphaso cha unzika simulowa nawo pa feteleza wotsika mtengo, ndipo lamulo la malo lomwe anakonza mu 2022 linaumitsa zinthu kwa munthu yemwe si nzika. Ngati muli ndi penshoni ya ku bungwe la boma la NSSA kafunseni kaye kuti muzidzailandira bwanji muli kunja, musadzazindikire muli kale ku Dedza.

Za phee mukunenazo, inde kulibe makombi ndi mabawa, usiku mumamva achule ndi agalu basi. Koma kumudzi munthu sakhala payekha ngati momwe timakhalira kuno kuti geti watseka, zako zako. Kukagwa maliro khasu limagona pansi mudzi wonse, mupite, mugone kusiwa, musonkhe ufa ndi nkhuni, mukajomba kawiri anthu akusungirani ndipo tsiku lanu likadzafika adzukulu adzakuuzani kuti kumbani nokha. Kuli chitukuko, kuumba njerwa za sukulu, kulambula msewu, msonkhano kwa amfumu. Ndiye poti mwachokera ku Halale aliyense adziwa kuti muli ndi madola olo mulibe, m'mawa uliwonse odi pakhomo, wina mwana wadwala, wina fizi, wina feteleza, mukapereka ndalama yanu itha miyezi yochepa, mukakana ndinu wodzimva. Walira mvula walira matope achimwene. Sindikunena izi kuti ndinyoze kumudzi, anthu omwewo ndi amene adzakunyamuleni pa njinga usiku kupita nanu kuchipatala, zomwe kuno aneba ena sangachite. Ndikungoti mukapiteko mukufuna anthuwo, osati pothawa anthu.

Akazi anu musawaone ngati akukutsekerezani. Taganizani tsiku lawo kumudziko. Inu mudzakhala pansi pa mtengo ndi azibambo anzanu masana mukachoka kumunda, iwo ndowa pamutu kuchokera ku mjigo, nkhuni kuphiri, thumba kuchigayo, kuphika pa mafuwa utsi uli m'maso, pa msinkhu woti mawondo ayamba kale kudandaula, pakati pa azimayi omwe sanakule nawo, kutali ndi ana, zidzukulu, chigwirizano cha kumpingo ndi sosayeti ya maliro yomwe akhala akusonkha zaka zonsezi. Afunseni chomwe akuopa ndipo mumvetsere mpaka amalize. Ngati wina wa inu amamwa mankhwala a BP kapena shuga, imeneyo ikhale nkhani yoyamba, chipatala chili mtunda wautali bwanji, mvula ikagwa msewu umadutsika?

Chomwe ndingachite ine ndi ichi. Nyumba ikhale, mugwirizane ndi alongo anu muikemo malojala zipinda zina, lendi ya madola ndi yomwe idzakudyetseni chaka chomwe mvula yakana ngati 2024 pomwe Malawi ndi Zimbabwe onse analengeza za ngozi ya chilala. Kenako kwerani basi, Nyamapanda, kuoloka Zambezi pa Tete, nkukalowera pa chipata cha Dedza kapena cha Mwanza. Koma musapite pa Khirisimasi kapena mu Juni nkhokwe zili zodzaza, aliyense akuseka. Pitani mu Januwale kapena Febuluwale, nthawi yomwe ufa watha m'nyumba zambiri, anthu akuyenda maganyu, udzudzu uli pakamwa, matope mpaka m'akakolo, mukhaleko mwezi wathunthu kapena iwiri, mugwire khasu m'mawa uliwonse muone ngati msana ukuvomera. Kaoneni manda a agogo anu, mudziwane ndi abale, amfumu akudziweni nkhope. Mukabwerako mukufunabe, chaka chinacho kachiteni lendi munda mulime nyengo imodzi akazi anu atabwera kudzaona okha. Nyumba yomanga ibwere pambuyo pa mapepala.

FUNSO

Azakhali, ndine mayi wa zaka 34, makolo anga ndi a ku Mangochi koma ine ndinabadwira ku Mbare. Amuna anga ndi a ku Mutoko, ntchito yawathera ndiye akuti tisamukire kwawo tizikalima tomato. Ine khasu sindinaligwirepo ndipo ndikuopa kuti azikanditcha mubwidi, dzina lonyozera ife ochokera ku Malawi. Ndikane?

Mayi wa ku Mbare

YANKHO

Mwana wanga, iwe zako zapepukako kusiyana ndi bambo ali pamwambawa, chifukwa kwa Achishona malo amayenda kuchimuna ndiye amuna ako ali ndi poyambira penipeni, ndipo tomato wambiri yemwe umamuona akutsika m'malole pa Mbare Musika m'mawa amachokera mbali yomweyo ya Mutoko ndi Murehwa. Khasu limaphunzirika. Komanso iwe wakulira pafupi ndi msika, ukudziwa momwe makoronyera, mavenda ogula kwa alimi aja, amagwetsera mtengo mlimi akafika ndi katundu woti sangabwerere naye, nzeru imeneyo kumudziko ndi yosowa, ndiye mbali yogulitsa ndi kusunga ndalama igwire iweyo.

Zonyozedwazo sindikunamiza, mawu amenewo utha kuwamva, ndipo amapweteka. Wofunika kuyankha tsiku loyamba lomwe atuluke ndi amuna ako, pamaso pa abale awo, osati iwe, ndiye mukambirane zimenezi musanakweze katundu. Uwafunsenso zinthu ziwiri, madzi othirira achokera kuti mu Seputembala ndi Okutobala poti tomato wopanda madzi odalirika ndi kutaya mbewu, komanso ngati mukakhale ndi khitchini yanuyanu kapena mukaphikira limodzi ndi apongozi. Ukwati wanu ngati sunalembetsedwe kalembetseni musananyamuke, ndipo ana onse akhale ndi zikalata zawo zobadwira zili m'chikwama chako.