Mawu akuti "rodeo": tanthauzo lake ndi zimene wophunzira ayenera kudziwa

Bambo wina wandilembera za mwana wawo wamwamuna amene walemba mayeso a Fomu 4 ndipo akufunafuna malo m'makoleji a zaulimi ku America. Mnyamatayo wapeza mawu akuti "rodeo scholarship" m'mabuku a koleji ina ya ku Texas, ndipo tsiku lina anamva mlangizi wa kolejiyo akunena pa foni kuti "this is not my first rodeo". Bambowo akufunsa tanthauzo la mawuwa, komanso ngati mwana wawo, yemwe anakulira kumudzi akuweta ng'ombe za agogo ake, angathe kupeza thandizo la fizi kudzera m'njira imeneyi.

Bambo, mawu akuti rodeo anachokera ku Chisipanishi, ku mneni wakuti "rodear" amene amatanthauza kuzungulira kapena kuzinga. Poyamba sanali mawu a masewera ayi, koma a ntchito. M'mafamu akuluakulu a ku Mexico, Texas ndi California ng'ombe zinkangoyendayenda m'tchire popanda mpanda, ndipo nyengo ikakwana oweta ake, amene ankatchedwa "vaquero", ankakwera mahatchi n'kuzizinga zonse pamalo amodzi kuti aziwerenge, azilekanitse malinga ndi eni ake, ndi kudinda ana a ng'ombe chizindikiro ndi chitsulo chamoto. Kusonkhanitsa ng'ombe kumeneku ndiko kunali rodeo. Ntchito ikatha, anyamatawo ankayesana luso kuti aone wodziwa kuponya chingwe ndi wokhoza kukhala pamsana pa hatchi yosaphunzitsidwa, ndipo m'kupita kwa nthawi dzina la ntchito linasamukira ku mpikisano. Tawuni ya Prescott ku Arizona inachititsa mpikisano wotere mu 1888, wa ku Cheyenne m'chigawo cha Wyoming unayamba mu 1897, ndipo wa ku Calgary m'dziko la Canada unayamba mu 1912.

Lero munthu wa ku America akanena kuti akupita ku rodeo, akutanthauza chionetsero cholipira pakhomo chimene chimakhala ndi mipikisano ingapo. Wodziwika kwambiri ndi wokwera ng'ombe yamphongo yolusa, umene wokwerayo ayenera kukhala pamsana masekondi 8 atagwira chingwe ndi dzanja limodzi, dzanja linalo osakhudza nalo ng'ombeyo kapena thupi lake. Oweruza amapereka mapointi osapitirira 100, theka la mapointiwo kwa wokwera ndipo theka linalo kwa nyamayo malinga ndi m'mene yadumphira. Palinso kukola mwana wa ng'ombe ndi chingwe uli pa hatchi, kugwetsa ng'ombe poigwira nyanga, ndi kuthamangitsa hatchi mozungulira migolo itatu, mpikisano umene makamaka amachita ndi akazi. Ndinene pano kuti si onse amasangalala ndi masewerawa, chifukwa mabungwe oteteza nyama akhala akudandaula kuti ziweto zimazunzika, choncho mwana wanu asamaganize kuti Mmereka aliyense amawakonda.

Pa katchulidwe, anthu ambiri amakweza mawu pa chiyambi, ngati "RO-di-o", akamanena za masewerawa. Koma msewu wa masitolo odula wa Rodeo Drive ku Beverly Hills umatchulidwa motsatira Chisipanishi, ngati "ro-DE-o".

Chimene mwana wanu anamva pa foni chija ndi chining'a, ndipo sichikhudza ng'ombe kapena hatchi ngakhale pang'ono. Wonena kuti aka si koyamba kulowa mu rodeo akutanthauza kuti zimene zikuchitikazo anaziona kale, ndi mkhalakale pa nkhaniyo, ndipo sangapusitsidwe kapena kuchita mantha. Mlangizi uja ankangomutsimikizira mnyamatayo kuti wathandiza kale ophunzira ambiri ochokera kunja. Langizo langa ndi lakuti mwana wanu achimvetse chining'achi koma asachilembe m'kalata yofunsira malo kapena ntchito, ndipo asachinene pa mayeso apakamwa. Ndi mawu ocheza, ndipo akatuluka pakamwa pa wachinyamata amene akulankhula ndi akuluakulu amamveka ngati kudzitama kapena kuwauza kuti asamuphunzitse zimene akudziwa kale. Ndi bwino anene mwachindunji zaka zimene wagwira ntchito inayake ndi zimene anaphunzirapo.

Pa za thandizo la fizi ndiyenera kukuuzani zoona, ngakhale zingakukhumudwitseni. Makoleji ambiri a kumadzulo kwa America alidi ndi matimu a rodeo, amene amayang'aniridwa ndi bungwe la National Intercollegiate Rodeo Association lomwe linakhazikitsidwa mu 1949, ndipo mpikisano wawo womaliza umachitikira ku Casper, Wyoming, mwezi wa Juni. Koma thandizolo limapita kwa ochita masewera a rodeo, monga m'mene makoleji amathandizira osewera mpira, ndipo aphunzitsi a matimuwa amayang'ana mbiri ya mipikisano imene wophunzira anachita ali ku sekondale. Pa mipikisano ya chingwe ndi ya migolo, wophunzira kawirikawiri amabwera ndi hatchi yake, imene imafuna chakudya, mankhwala ndi ngolo yoinyamulira. Mnyamata amene ankatsogolera ng'ombe kudambo wapansi ali ndi luso lenileni, koma si luso limene matimuwa amafuna, ndipo sindikanakonda kuti muwononge ndalama za mafomu pa chiyembekezo chimenechi.

Kumene kuweta kwakeko kungamuthandize ndi pa maphunziro a sayansi ya ziweto, amene makoleji omwewo amaphunzitsa, ndiponso amene amapezeka kuno ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR pa nthambi ya Bunda. M'kalata yofotokoza mbiri yake alembe zimene anaona ndi maso ake: m'mene ankadziwira ng'ombe yodwala isanagwe, vuto la nkhupakupa, kusowa kwa msipu m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndi zimene agogo ake ankachita mankhwala akasowa. Kenaka alembere ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja ya koleji ya ku Texas ija, afunse thandizo limene limaperekedwa potengera kukhoza m'kalasi, zikalata zimene zikufunika, ndi tsiku lomaliza lotumizira mafomu.