Khoma lochindikala palokha silikuthandizani ku Nchalo

Achimwene, amene akukuuzani kuti khoma lochindikala palokha liziziritsa nyumba yanu ya ku Nchaloyo sanagonepo ku Chigwa cha Shire mu Novembala. Mmisiri wanga, bambo wodzitama kuti anamangapo ku Joni, anandikakamiza njerwa zowotcha, khoma la mainchesi 9 mbali zonse, ati njerwa imamwa kutentha. Mawindo anaika timabowo, ati kuopa akuba. Siling'i ati tidzaika ndalama zikapezeka.

Kumwa imamwadi, masana m'nyumba mumakhala bwinoko. Chimene sananene n'chakuti njerwayo imasunga motowo kwa maola angapo kenako n'kuulavulira mkati. Dzuwa la 2 koloko masana limakupezani pabedi usiku.

Usiku wina magetsi anazima, fani n'kuima. Khanda lathu linalira mpaka mawu kusasa, thupi lonse thukuta kamukamu. Nditagwira khoma la kumadzulo, lofunda ngati mbaula yongozima kumene, pamene kunja kunali kutayamba kale kamphepo. Mayi a kunyumba ananyowetsa zitenje n'kumamufunditsa mwana, mphindi zochepa chitenje chauma. Tinatulutsa mphasa pakhonde, neti yopanda pomangirira, udzudzu wa m'minda ya nzimbe n'kutipeza. Sabata yotsatira mwana ali kuchipatala ndi malungo. Ndikumuimbira mmisiri uja, akuseka, ati Chikwawa ndi Chikwawa basi. Munthu woti ndalama analandira zonse, simenti yotsala ananyamulanso!

Nzeru ya khoma losunga kutenthayi imagwira kumene usiku kumazizira, ku Dedza, ku Mzimba. Kumeneko khoma limataya moto usiku n'kudzuka lozizira, ndipo mu Juni limakufunditsani. Kuno kumene masana amapitirira madigiri 40 ndipo usiku sukuzizira kwenikweni, khoma silipeza nthawi yopuma.

Komabe musathamangire khoma lopyapyala la mainchesi 4, limenelo ndiye mupsa masana omwe. Mangani lochindikala lomwelo, koma dzuwa lisaligunde. Khonde lalitali kumadzulo, denga lotuluka bwino, mtengo wa mango kapena nimu mbali yomweyo, kunja pakani laimu woyera. Siling'i ikani tsiku lomwe mukukhoma malata, ngakhale ya mphasa za bango, chifukwa moto wambiri umatsika kuchokera kudenga. Mawindo akuluakulu oyang'anizana, a mabagalabazi ndi sefa ya udzudzu, kuti azigona otsegula.

Njerwa zowotcha ganizaninso, nkhuni zadula, ndipo kuyambira 2018 boma linaziletsa pa zomanga za boma ndi nyumba zikuluzikulu za malonda. Funsani za SSB, zija za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono zopanikiza pa makina. Zidina zimazizira bwino, agogo sanalakwe, koma mukukumbukira mmene zinasungunukira ndi namondwe wa Freddy mu 2023, ndiye maziko akhale a miyala ndi simenti, okwera ndithu. Ndipo mmisiri musamupatse ndalama zonse siling'i isanakwere.