N'chifukwa chiyani khonsolo imadzala mitengo chaka n'chaka koma phiri likadali mbee?

Mwafunsa kuti bwanji makhonsolo amadzala mitengo chaka chilichonse koma mapiri ndi magombe a mitsinje sakusintha. Vuto lalikulu n'lakuti amawerenga mbande zomwe zadzalidwa, osati zomwe zapulumuka. Mbande ikalowa m'dothi mvula ili kumapeto, mizu imakhala isanazame. Chilimwe chikafika udzu wouma umayaka n'kuiwaula, ndipo yotsalayo mbuzi zimabudula nsonga. Ndalama nthawi zambiri zimathera pa tsiku lodzala; zopalirira ndi zolambulira njira zotchinga moto sizikhalapo.

Njira yomwe ine ndimaikhulupirira kwambiri ndi yosamalira zitsa. Chitsa cha mtengo wachilengedwe chimakhala ndi mizu yamoyo yozama kale. Chikaphuka, mumasiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo n'kusadza, ndipo zimakula msanga kuposa mbande za ku nazale. Ku Niger alimi anayamba kuchita zimenezi m'zaka za m'ma 1980, ndipo mitengo inabwerera pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni.

Mphamvu yeniyeni ya khonsolo ili pa malamulo ndi kagawidwe ka malo: kukana kudula mapuloti m'madambo, kuika malire omveka a nkhalango, komanso kumvana ndi anthu okhala pafupi kuti nkhuni, uchi ndi udzu zidzapindulira ndani. Popanda kumvana kumeneku, mlonda mmodzi sangateteze phiri lonse.

Khansala wanu akadzaitanitsa msonkhano, mukamufunse kuti mwa mitengo ya chaka chatha yamoyo ndi ingati, ndipo akuiyang'anira ndani.