Ma birth awiriwo musataye ngakhale limodzi

Achemwali, musamvere anthu oti agogo anu ananama chifukwa mapepala awo ali ndi maina awiri. Ndawerenga zimene mwalemba za ma birth (zikalata za kubadwa) awiri a agogo anuwo thupi langa likuchita tsembwe, poti ine zimenezi zinandiliza pagulu.

Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya, anabwera kuno ku Zimbabwe ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, n'kukagwira ntchito m'minda ya malalanje ku Mazowe. Bambo anabadwira kukomboni, ndipo anawalembetsa mochedwa, atafuna kulemba mayeso. Anapita ndi agogo aakazi okha, ndiye analemba dzina la kuchikazi, pa malo a bambo osalembapo kanthu. Agogo aamuna atakasaina kuti mwana ndi wawo, analembetsanso. Kalaliki wake, paja m'Chishona mulibe "l", dzina lathu la Mwale analisandutsa Mware, chaka chobadwa n'kusunthanso.

Zonsezi ndinazidziwira pamaliro. Bambo atamwalira tinakaima pamzere kuofesi ina kuyambira mbandakucha, amayi ali ndi duku lakuda, sanalawe kanthu. Titafika pawindo, munthu uja ananyamula birth yanga ndi zala ziwiri ngati chinthu chonunkha, akuti dzina silikugwirizana ndi la malemu, ndiye ndine mwana wa ndani? Anafuula kuti mzere wonse umve. Ataona A wa alien, kutanthauza mlendo, pachitupa chakale cha amayi anaseka, akuti mabwidi (dzina lonyozera anthu ochokera ku Malawi) mumagula mapepala. Chonsecho malamulo a dziko a 2013 anali atanena kale kuti wobadwira muno malamulowo asanayambe n'kumakhala muno, kholo lake lochokera m'dziko la SADC, ndi nzika. Amayi anangokhala pansi pasimenti pomwepo, manja akunjenjemera. Ndiye bambo aang'ono, munthu amene anandinyamulapo kumsana, anatolera mawu omwewo n'kumauza abale kuti nyumba ya ku Mufakose, ku Harare, si yathu. Mpaka lero moni wawo sindiyankha.

Chinatipulumutsa ndi birth yaitali ija, osati yaifupi, chifukwa imaonetsa makolo, amene anakalembetsa, ndi tsiku lolembetsa. Tsikulo musalisokoneze ndi tsiku lobadwa. Kenako buku la ubatizo la CCAP linali ndi Mwale wolembedwa bwinobwino ndi mkulu wa mpingo wa kwathu, mudzi ndi mfumu yomwe. Pa ma birth awiriwo, pepala loyamba limakuuzani amene anali ndi mwana tsiku limenelo, lachiwiri limakuuzani chimene chinasintha pabanjapo. Pofufuza mtundu, loyamba lija ndi limene lingakufikitseni kuchikazi, komwe ife Achewa timawerengera mbumba.

Ine ndikuti musakonzetse chilichonse, mungadzutse mavu. Komabe ngati alipo azakhali kapena amalume amene anaona ndi maso, atengeni sabata ino akalumbire pa affidavit kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi, iwo akadali moyo. Ndipo pawindo musapereke pepala lenileni musanapange fotokope, langa linabwerako litang'ambika pakona.